Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: asilikali a mthupi saiwala

Gawo lathali ndinalekezera pomwe ndinatuluka mchipatala ndi impso ya achemwali anga mmimbamu, ine kumati basi nkhani yatha, dialysis, kotsukitsa magazi pa makina kuja, tasiyana. Zaka zisanu zinadutsadi bwinobwino. Chaka chachisanu ndi chimodzi ndi pomwe creatinine, zonyansa za mmagazi zomwe amayeza poona ngati impso ikusefa bwino, anayamba kukwera, osati modumpha ayi, mwakachetechete, lero 120, pakapita miyezi itatu 135, kenako 150, chonsecho ine osamva kupweteka paliponse, kudya ndikudya, tulo ndikugona.

Anandibaya singano nkutapako kanyama ka impsoyo kuti akaunike, amati biopsy. Tsiku la zotsatira adokotala anakoka pepala nkuyamba kujambula. Akuti bambo, asilikali a mthupi mwanu impsoyi sanailandirepo ndi tsiku limodzi lomwe, mankhwala omwe mumamwa aja amangowagoneka tulo. Maselo a munthu aliyense ali ndi zizindikiro zake zotchedwa HLA, ndiye asilikali otchedwa ma T cell akangoona HLA yachilendo amakadzutsa anzawo otchedwa ma B cell, awowo nkuyamba kupanga zida zotchedwa ma antibody zoti zizisaka impso ya achemwaliyo basi. Ma antibody aja amakamatirira mkati mwa timitsempha ta magazi ta mu impso, asilikali ena otchedwa ma macrophage ndi ma NK cell nkubwera kudzalowerera ndewu, timitsempha kutupa, kupola, kutupanso, zaka kumapita, mapeto ake pamatsala zipsera ndipo chipsera sichisefa magazi.

Ine ndiye ndinati koma adokotala, awa ndi achemwali anga enieni, bere limodzi. Iwo akuti eya koma HLA yanu munafanana theka lokha. Anandikumbutsa kuti impso yoyamba kukhalitsa, ija anaika Joseph Murray ku Boston mu 1954, inagwira popanda mankhwala ogonetsa chitetezo poti opereka ndi olandira anali mapasa ofanana ndendende.

Kenako linabwera funso lomwe ndinkaliopa, tacrolimus, mankhwala ogonetsa chitetezo aja, mumamwa bwanji? Ndinangoyang'ana nsapato zanga. Zoona zake, chaka chachinayi chija nditaona kuti ndili gwa, wa madzulo ndinkamuphonya, mwina kawiri pa sabata mwina kuposa, ndinkati piritsi limodzi lingalakwitse chani. Kumeneko nkumene asilikali aja anapezera mpata wotsegula maso, ndipo akuti akadziwa nkhope ya mdani amaisunga, pali maselo ena ntchito yawo ndi kukumbukira basi. Chondipweteka kwambiri nchoti sungangoti onjezani dozi zithe, tacrolimus yemweyo akachuluka amaononganso impso, komanso chitetezo chikatsika kwambiri matenda ena amalowa.

Anandiika pa makina osefa ma antibody mmagazi, kenako dripi ya IVIG, ma antibody otengedwa mmagazi a anthu ena, koma anandiuziratu kuti zipsera zomwe zilipo kale sizibwerera, tikungochepetsa liwiro.

Madzulo ake achemwali anaimba foni, akuti achimwene zotsatira zili bwanji? Ndinati zili bwino achemwali, angosintha mankhwala. Panatenga miyezi iwiri kuti ndiwauze za mapiritsi a madzulo aja, mmene anandiyankhira ndikuuzani gawo 10.