Loweruka ku Katoto: masipika atsopano, besi zii

Mvula ya mawawa inayamba m'bandakucha, Mzuzu yense chifunga chokhachokha. Ntchito ya lero inali imodzi, ku Katoto. Bambo wina anagula ampulifaya ndi masipika awiri Lachinayi, koma nyimbo zimamveka ngati zikuchokera m'chitini. Woimba akumveka, gitala akumveka, ng'oma yaikulu ndi besi zii. Makatoni anali ali kale pakhomo, okonzeka kubwerera kusitolo.

Sikuludilaiva sitinaigwire n'komwe poyamba. Tinaika nyimbo ya besi wambiri, n'kupotoza Balance, kabatani kogawa mawu kumanzere ndi kumanja, mpaka kumanzere kuti sipika imodzi yokha izilira. Besi anabwera, matambula mukabati mpaka kugwedera. Kumanja, chimodzimodzi. Titabweza pakati, besi anathawanso. Zikatere dziwani kuti palibe sipika yakufa, koma ziwirizo zikukokanakokana.

Besi ndi mpweya wokankhidwa. Pa 50 Hz, ndiko kuti kugwedezeka ka 50 pa sekondi, funde limodzi limatalika pafupifupi mamita 7, kuposa chipinda chochezeramo. Koni, kambale kogwedezeka kaja kotulutsa mawu, ya sipika imodzi ikamatuluka pamene inzake ikulowa, mpweya umene iyi yakankha inayo ikuumeza, khutu n'kusowa cholandira. Mafunde a mawu okwera ndi afupiafupi, safafanizana kotheratu. N'chifukwa chake woimba amamvekabe, kungoti mawu ake amamwazikana, osakhazikika pakati pa masipika.

Kuseri tinapeza waya uja woonekera mkati, amene mbali imodzi ili ndi kamzere koyera kovuta kuona m'nyumba yamdima. Kumanzere kamzereko kanali polumikizira pofiira, pa +, ku ampulifaya ndi kusipika komwe. Kumanja kanali pofiira ku ampulifaya, koma pakuda kusipika. Pofuna kutsimikiza, tinazimitsa ampulifaya, kuzula mawaya kumbuyo kwake, n'kugusitsa batire ya AA ya 1.5V kunsonga za waya wa sipika iliyonse. Mbali ya + ikakhudza waya wopita pofiira, koni iyenera kutuluka kunja. Yakumanzere inatuluka, yakumanja inalowa. Kugusa kwake n'kwa kamphindi chabe, ndipo batire ya galimoto musayese: 12V ikhoza kuwotcha koilo ya m'kati mwa sipika.

"Ndiye ndikanakabweza katundu wabwinobwino?"

"Eya bambo. Akanakupatsani ena, inu n'kudzalumikiza chimodzimodzi."

Waya tinasinthiratu, poti unali wa 0.5 mm² pa mtunda wa mamita 8. Tinaika wa 1.5 mm², kusenda sentimita imodzi kunsonga, kupota tizingwe tonse pamodzi, kumanga kwambiri. Kazingwe kamodzi kosokonekera kakakhudza mbali inayo, ampulifaya imazima yokha, ina imapsa kumene. Kunena zoona, waya wonenepa amathandiza pang'ono chabe. Chimene chinabweza besi ndi kutembenuza nsonga ziwiri za kumanja zija.

Chinatsala ndi chipinda. N'chotalika mamita 4, ndipo mpando wa bamboyo unali pakati penipeni. M'chipinda chotere mawu a cha m'ma 43 Hz amagunda khoma n'kubwerera, ndipo pakatipo ndi pamene amafafanizana, kukhoma amachuluka. Yendani m'chipinda nyimbo ikulira, mumva nokha. Mpando tinaubweza m'mbuyo theka la mita. Masipikawa ali ndi bowo lopumira kumbuyo, ndiye tinawaika masentimita 30 kuchoka kukhoma. Mukawakanikiza kukhoma bowolo limabanika. Mukawalowetsa pakona besi amachuluka ndithu, koma ndi wongoti duu duu, noti zonse kumveka ngati imodzi. Ena amakonda zimenezo. Ife ayi.

Mwana wawo atalumikiza foni, besi anasowanso, woimba n'kumveka ngati ali m'phanga. Kava ya foni imatchinga pulagi ya 3.5 mm kuti isalowe yonse. Pulagi ikalowa theka, zimene zili pakati pa nyimbo, besi ndi woimba, ndizo zimatayika. Tinavula kava, kukankha mpaka kuti khe. Amene muli ndi home theatre yang'ananinso menyu: masipika akaikidwa pa Small, mawu onse otsika, kawirikawiri kuyambira 80 Hz kupita pansi, amatumizidwa ku sabuwufa, sipika yapadera ya besi yekha. Ngati mulibe sabuwufa, ikani Large ndipo muiuze kuti sabuwufa palibe.

Bamboyo anationetsa katoni, mawati masauzande olembedwa PMPO. Nambala imeneyo ndi yokopera wogula, yodalirika ndi ya RMS, yoonetsa mphamvu ya mosalekeza. Wufa, sipika ya mawu otsika, wa mainchesi 6.5 amafika cha m'ma 50 Hz bwinobwino, koma zogwedeza chifuwa ngati kuukwati zimafuna sabuwufa. Zoti masipika atsopano adikire milungu kuti afewe, kusintha kwake n'kochepa, sikungabweze besi wosoweratu.

Tisanachoke tinakulunga tepi yofiira kunsonga zinayi za +, kuti tsiku lokolopa akadzazula asadzasokonezenso. Galasi la kabati likulirabe pa noti zotsika. Amayi akuti aikamo kansalu.