Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Munthu wogwira chingwe

Ndabweranso, abale anga. Pepani kuti ndinasowa masabata atatu. Mashifiti a usiku anandipana, komanso nkhani ya leroyi ndimati ndikangoiyamba, misozi, n'kutseka foni. Zikomo nonse amene munalemba pansi pa gawo 13, makamaka mayi a ku Leeds aja amene munati nanunso maliro a mayi anu munawaonera pa WhatsApp. Sindinakuyankheni koma ndinawerenga kawiri. Inu bambo amene munalemba kuti madola anandikomera kuposa bambo anga ondibereka, ndakusiyani dala osakubulokani. Muwerenge mpaka pansi.

Mukukumbukira kuti pamene bambo ankamwalira ndinali ndisanakonze mapepala, ndipo ndikanatuluka muno mu America sindikanabwereranso. Izo ndinakuuzani. Chimene ndinakubisirani n'chakuti ine ndi bambo tinakhala zaka zambiri tikungopatsana moni wa pakamwa. Ndalama ndinkatumiza kwa mayi, foni ndinkaimbira mayi, ndipo akati "bambo ako ali pompano," ndinkati mayunitsi atha. Chifukwa chake ndinena lero, koma ndiyambira ku Washington.

Agogo achizungu aja a ku Bethesda amene ndinkawasamalira mukuwadziwa, omwe ankabisa masupuni m'pilo. Kale anali mphunzitsi wa zojambulajambula kusekondale. Mutu unali utayamba kuchoka, dzina langa ankaliiwala katatu pa tsiku, koma ukawaonetsa chithunzi cha m'buku ankakuuza wojambula ndi chaka chake osaphonya. Patatha miyezi iwiri bambo ataikidwa, mwana wawo wamkazi anati tiwatengere ku National Gallery of Art, nyumba yoonetseramo zithunzi zojambula pamanja, akapitidwe mphepo. Anatitsitsa pakhomo la ku Constitution Avenue, iye n'kupita kukasaka poimika galimoto, ndipo anatenga ola lathunthu. Ndinatsala ine ndi agogo pa wilitcheya.

Ndinali nditakhala muno zaka zisanu ndi chimodzi osalowamo. Ndinkaganiza kuti ndi malo a anthu a masuti. Nyumbayo inatsegulidwa mu 1941, anaipereka ku dziko ndi munthu wachuma dzina lake Andrew Mellon, ndipo polowa salipiritsa ngakhale senti. Ndinafunsa mlonda kawiri, iye n'kumangoseka. Amene muli ku Maryland ndi Virginia kuno mumangodziwa tchalitchi ndi ntchito, tengani ana mupite tsiku lina.

Agogo sanafune za ku Italy kapena za ku France. Ankangoloza ndi chala kuti kumanzere, kumanja, mpaka tinafika m'zipinda za zithunzi zakale za ku America. Tinadutsa mapulezidenti asanu oyamba, ojambulidwa ndi Gilbert Stuart. George Washington ndinamuzindikira msanga, chifukwa nkhope imene ili pa dola imodzi inachokera pa chithunzi china cha Stuart yemweyo. Ndinati m'mtima, bambo inu takumana kambirimbiri pa kauntala potumiza ndalama kumudzi, lero ndakupezani kwanu. Kenako panali ana atatu ovala zobiriwira ndi kagalu kogwira mbalame kukamwa. Agogo anati wojambulayo, Joshua Johnson wa ku Baltimore, anali munthu wakuda wobadwira mu ukapolo. Anandiyang'ana ngati andipatsa mphatso. Ndinangoti zikomo. Ndinali nditatopa, nsapato zikundiluma.

Chimene agogo anadzera chinali zithunzi zinayi za Thomas Cole za mu 1842, za munthu woyenda pa bwato mumtsinje. Poyamba ndi khanda, mngelo akuwongolera bwato pakati pa maluwa. Kenako ndi mnyamata, wagwira yekha chiwongolero, maso ali pa chinyumba chooneka m'mitambo. Chachitatu ndi bambo wamkulu, mtsinje wakalipa, chiwongolero chathyoka, iye wangopinda manja kupemphera. Chomaliza ndi nkhalamba pa madzi odekha, kumwamba kukutseguka. Agogo anakhala nthawi yaitali pa chomalizacho. Kenako anati, "Ine ndili apa. Iwe uli pachitatupo." Sindinatsutse. Koma mwana wa msodzi ndine, ndipo ndinaona kuti Cole sanapalasepo bwato pa mwera. Munthu sapinda manja madzi akamalowa, amakapa.

Tikutembenuka kuti tizibwerera ndi pamene ndinachiona.

Ndi chachikulu, m'lifupi kupitirira mamita awiri. Boti lodzaza amuna asanu ndi anayi. M'madzi muli mnyamata wamaliseche, woyera mbuu ngati chinangwa chosenda, wagona chagada, tsitsi likuyandama, dzanja limodzi watambasulira m'mwamba. Chakumanja kukubwera chinsomba, shaki, kukamwa yasa. Amuna awiri a malaya oyera aweramira m'madzi kuti amugwire, ndipo wachikulire wina wagwira mmodzi wa iwo malaya kuti asagweremo. Kutsogolo kwa boti mnyamata wina wakweza mtengo wa chitsulo kunsonga kuti abaye chinsombacho. Ndipo pakati, pamwamba pa onse, paima munthu wakuda. Sakuwerama, sakubaya. Wagwira chingwe, ndipo chingwecho chatsikira m'madzi pafupi ndi mkono wa mnyamatayo.

Miyendo inandithera mphamvu. Ndinamanga mabuleki a wilitcheya n'kukhala pa mpando wa pakati pa chipinda.

Agogo anayamba kuphunzitsa ngati ali m'kalasi. Wojambula ndi John Singleton Copley, wobadwira ku Boston mu 1738, amene anasamukira ku London nkhondo ya ufulu wa America ili pafupi kuyamba. Anachijambula mu 1778. Nkhaniyo ndi yoona: mu 1749, mnyamata wamasiye wa zaka 14 dzina lake Brook Watson, wogwira ntchito pa sitima ya malonda, ankasambira padoko la Havana ku Cuba, shaki n'kumugwira mwendo wakumanja. Anamupulumutsa, koma mwendowo anaudula m'munsi mwa bondo. Atakula n'kulemera, iye mwini ndiye anauza Copley kuti ajambule tsikulo. Copley sanafikepo ku Havana, ndipo shaki imene anajambulayo ili ndi milomo ngati ya munthu. Agogo anaseka pamenepo. Ine ndinkamva mawu awo ngati akuchokera m'chipinda china.

Achimwene anga mumawadziwa, ndawatchula m'magawo ambiri, ndipo ena munafunsapo kuti mwendo unatani. Ndinkangoti ngozi. Inali ng'ona.

Ndinali mu sitandade 5, iwo mu sitandade 8. Kwathu ku Nkhotakota, chakufupi ndi kumene Bua amathira m'nyanja. Unali m'mawa, dzuwa lisanatenthe, ine ndikutsuka mapoto pagombe ndi mchenga. Bwato la bambo linali pafupi, mwina mtunda wa kuchokera pakhomo kufika pamsewu. Munali bambo, malume, ndi achimwene. Ukonde unakodwa pa chitsa pansi pa madzi, achimwene n'kutsika kuti akaukole, monga ankachitira nthawi zonse. Ndinamva kukuwa kumodzi kokha. Mpaka lero mwana akakuwa pa malo osewerera ndimataya chimene ndagwira. Madzi anawira, mchira unamenya, ndinaona mutu wa achimwene ukumira n'kutuluka, kumira n'kutuluka. Malume anagwada m'bwato n'kumamenya ndi nkhafi, akutukwana, akulunjika m'maso mwa chilombocho. Amayi amene tinali nawo pagombe ankakuwa, ena akuthamangira kumudzi. Mpoto umene ndinkatsuka unayandama n'kumapita, ndipo ndikukumbukira kuti ndinauyang'ana ndikuganiza kuti mayi akandikalipira.

Ndipo bambo anangoima. Chiimire kumbuyo kwa bwato, thupi atapendekera kumbuyo, osawerama, osakuwa, osadumphira m'madzi. Mwana wawo akudyedwa, iwo ali chiimire ngati mtengo. Ndi zimene maso anga a zaka 11 anaona, ndipo ndi zimene ndinanyamula mpaka ku America.

Achimwene anawatulutsa. Kuchipatala anadula mwendo pamwamba pa bondo chifukwa tinafika mochedwa ndipo bala linali litayamba kuwola. Mayeso a sitandade 8 sanalembe. Malume anasanduka ngwazi ya mudzi wonse. Chaka chotsatira usipa unagwa wambiri, bambo anapha bwino n'kufolera nyumba ndi malata, ndipo pamenepo anthu anapeza chonena. Mkamwini uja anakhwimira mwana wake. Ng'ona ija inali yotumidwa. Simunaone mmene anaimira?

Mayi aang'ono, ndikudziwa kuti mumawerenga, ana anu amakuwerengerani. Ndinu amene munandikhazika pa mtondo kuseri kwa khitchini n'kundiuza kuti ndisamadye nsomba yochokera m'manja mwa bambo anga. Ndinali mwana. Munali ndi mkangano wanu wa munda ndi bambo, ndipo munaupititsa mwa ine. Pamaliro ndinamva kuti munalira kuposa onse. Sindikusungirani chidani, koma sindinamizira kuti sizinachitike, ndipo musatumenso munthu kudzandiuza kuti ndichotse zimene ndimalemba.

Ena mudzati bwanji sunafunse. Kwathu mwana wamkazi safunsa bambo ake funso lotero. Ndipo bambo sanali munthu wodziteteza. Ankangokhala pakhonde n'kumasoka ukonde. Ndinapita kusekondale, ndinakwatiwa, ukwati unatha monga munawerengera m'gawo 6, ndinabwera kuno.

Tsono ndili pa mpando uja, ndinayang'ana munthu wa chingwe uja mwina mphindi makumi awiri. Pagombe paja zonse zinachitika mofulumira, fumbi la madzi, kukuwa, ndipo ndinaziona kamodzi kokha. Apa zinaima malo amodzi, n'kundilola kuyang'ana munthu mmodzimmodzi. Ndinayamba kuwerenga ngati mwana wa msodzi. Awiri aweramira mbali imodzi. Wobaya uja waponda m'mphepete. Onsewo akanati aweramire komweko, botilo likanatani? Ndipo lija ndi boti lamatabwa, lotakata. La bambo linali bwato logoba, loti ukangoyetsemula limagwedezeka. Malume atagwada mbali imodzi akumenya ndi mphamvu zawo zonse, ndani ankaletsa bwato kugudubuzika? Nanga thupi lija kupendekera kumbuyo, ankalimbana ndi chiyani?

Kenako ndinakumbukira zikhatho za bambo. Anali ndi zipsera ziwiri zoyera, chimodzi dzanja lililonse, zodutsa pakati ngati mzere wa m'kope. Ndinaziona moyo wanga wonse akamatema nsima. Sindinafunsepo kuti zinabwera liti.

Ndinalira mokweza, abale, m'nyumba ya azungu yachete ngati tchalitchi. Mlonda wina, bambo wachikulire wakuda, anabwera n'kuima pafupi osanena kanthu. Agogo anandisisita dzanja n'kunditchula dzina la mwana wawo. Anati, "Usalire, anapulumuka. Anadzakhala meya wa London." Ndi zoona, mu 1796, akuyenda ndi mwendo wamtengo. Ndinadzawerenga pambuyo pake kuti ali phungu ku nyumba ya malamulo ya ku Britain, Watson yemweyo anaikira kumbuyo malonda a akapolo pamene ena ankafuna kuwathetsa. Munthu wolipira kuti amujambule akuponyeredwa chingwe ndi munthu wakuda! Ife a ku Nkhotakota, kumene a Jumbe ankaolotsera anthu pa nyanja kupita nawo kugombe la kum'mawa, nkhani zotere sitizimva ngati za kutali. Ndipo wa chingweyo dzina lake silinalembedwe paliponse pa khoma lija. Koma izo ndi za tsiku lina.

Usiku umenewo nditawagoneka agogo, ndinadikira mpaka kwathu kuche. Ndinawatumizira achimwene chithunzicho pa WhatsApp, kenako ndinaimba. Anali kale pagombe, ndinkamva mainjini ndi amayi akutsatsana mitengo ya usipa.

Ndinati, "Achimwene, tsiku lija, bambo ankatani?"

Anakhala chete. Kenako anati, "Iwe, zaka zonsezi sukudziwa?"

Anati potsika m'madzi anali atakulunga chingwe cha ukonde pa mkono, monga bambo anawaphunzitsira. Ng'ona itawagwira n'kuyamba kukokera pansi, bambo anakulunga mbali inayo m'manja onse awiri n'kuponda m'mphepete mwa bwato. Chingwe cha nayiloni chinadula mnofu mpaka kuoneka zoyera. Anati nthawi iliyonse imene mutu wawo unkatuluka n'kupuma, anali bambo akukoka. Malume anathandiza, inde, koma ng'ona siopa nkhafi ikakhala kuti yafika nawe pansi. Anati bambo anatha mwezi wathunthu akudyetsedwa ndi mayi chifukwa sankatha kugwira nsima, ndipo ine ndinali komweko, m'nyumba yomweyo.

Mwezi umenewo sindiukumbukira. Ndayesetsa, sukubwera. Ndikukumbukira mpoto woyandama, koma bambo anga akudyetsedwa ngati khanda, ayi.

Ndinafunsa chifukwa chimene sanandiuzire. Anati iwo ankaona ngati nkhani yanga ndi bambo inali ya ukwati uja, poti bambo anaukana. Anatinso bambo anawaletsa kuyankha za ufitizo, ankati woyankha misala naye ndi wamisala. Ndiye anandiuza kuti mwezi womaliza, foni ikalira kwa mayi, bambo ankafunsa kuti, "Ndi wa ku America? Mayunitsi ali nawo lero?"

Apa ndilekeze kaye, sindingathe kupitiriza mbali imeneyo.

Tisanadule foni achimwene anayang'ananso chithunzicho. Anati nsombayo siioneka yoona, ndipo opalasawo agwira nkhafi ngati anthu a ku Lilongwe. Kenako anafunsa kuti kamnyamatako kanatha bwanji. Ndinati kanadulidwa mwendo ngati inu, koma kanadzakhala meya wa London. Anaseka mpaka kutsokomola. Anati, "Uwauze azunguwo kuti nanenso ndine tcheyamani wa komiti ya pagombe, chaka chachitatu tsopano. Ndipo ukamatumiza za mwezi uno uwonjezereko pang'ono, mphira wa kunsi kwa ndodo watha."

Gawo 15 ndidzakuuzani za ulendo wanga woyamba wobwerera kumudzi mapepala atatuluka, ndi zimene zinachitika pa nkhani ya chiliza. Mayi aang'ono mulimonso.