Tisawabisire ana mabuku onena za matenda a maganizo

Makolo ena amati buku la ana lisamakambe za mayi wodwala matenda a maganizo, ati nkhaniyi ndi yolemera. Ine sindigwirizana nazo m'pang'ono pomwe.

Taganizirani buku lokamba za atsikana awiri apachibale omwe mayi awo akudwala bipolar, matenda a maganizo omwe munthu nthawi zina amatakasuka mopyola muyeso, nthawi zina n'kukhumudwa kwambiri. Sabata ino mayi sakugona, akungoyankhula osapumira, ndalama zonse amwaza. Mwezi wamawa sakudzuka, ngakhale kudya sakufuna. Wamkulu ndiye amaphika, kuchapa ndi kunamiza aphunzitsi, poopa kuti anthu akadziwa awalekanitsa ndi mayi awo. Wamng'ono amadziimba mlandu mwakachetechete, kumaganiza kuti kusamvera kwake ndi kumene kwadwalitsa amayi. Pamenepa ndi pomwe pamandiwawa kwambiri.

Malinga ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, mu 2019 munthu mmodzi mwa anthu 8 aliwonse padziko lapansi anali ndi vuto la maganizo, ndipo ambiri otere akulera ana. Mwana wa m'banja lotere akawerenga buku ngati limeneli amadziwa kuti matendawa ali ndi dzina ndi mankhwala omwe, komanso kuti kuuza munthu wamkulu si kupereka amayi ake. Chomwe ndikupempha olemba n'choti asamachiritsiretu mayiyo patsamba lomaliza, chifukwa bipolar imafuna chithandizo cha nthawi yaitali.