Lipoti la ulendo wa ku Guangzhou ku China, makamaka nkhani ya nsapato ija

Amayi anzanga a geni, ndalemba kuti otsala mumve zenizeni, poti ena ayamba kale kuthira mchere pa gulupu.

Tinadzera ku Addis Ababa nkukatera pa bwalo la ndege la Baiyun, kogona tinapeza ku Xiaobei komwe kumadzaza anthu ochokera ku Africa kuno. Za mashopu opikulitsa ndi mitengo ya kontena alembi alemba zonse, mudzamva pa msonkhano.

Nkhani ndi ya nsapato. Achemwali ena a m'gulu lathu analipira theka kwa wogulitsa wina, tsiku lotenga katundu titsegule makatoni, mkati masaizi a ana okhaokha, mwini wake foni osayankha. Usiku umenewo kuchipinda kunali moto, asungichuma akuti ndalama za gulu sizingakwirire dzenje la munthu mmodzi, mayi tcheya akuti tinanyamuka limodzi tibwereranso limodzi, mpaka nsima tinavutikira kuphika mu rice cooker ija inazizira osaikhudza.

Kutacha mtsikana wotimasulira, yemwe kwawo amayankhula chiCantonese, atamva anangoti "mou tin lei!" nkhope itafiira. Tin lei kwawoko ndi chilungamo chochokera kumwamba, choti wolakwa sapulumuka ngakhale boma lisamuone, ndiye amatanthauza kuti zachitikazi zapondereza chilungamocho. Masana anatitengera ku kachisi wa Shing Wong, mulungu wa mzinda, pafupi ndi msewu wa Zhongshan, womangidwa mu 1370 nthawi ya mafumu a Ming. Anthu akumeneko amakhulupirira kuti mulungu wa mzindayo amasunga kaundula wa zabwino ndi zoipa za aliyense. Mkatimo amalemekezanso Hai Rui, nduna imene inayamba yagula bokosi lake la maliro isanakadzudzule mfumu. Ife sitinapembedze nawo, tinangoima pambali utsi wa lubani ukulowa m'maso, koma achemwali atamva za nduna ija anatulutsa malisiti m'chikwama nkuti tiyeni kumsika, sindigonja.

Mtsikanayo anayankhula ndi oyang'anira msika mpaka mawu kusasa, wogulitsa anatulukira ndipo makatoni ambiri anasintha. Otsalawo tinasonkherana, ndipo oyamba kutulutsa ndalama anali asungichuma omwewo, izi muzidziwe musanawanene.

Zikomo mayi tcheya potigwirizanitsa, zikomo a "ndatsala pang'ono" posatisiyitsa ndege ulendo uno, komanso amayi a usipa amene munatisunga sabata yonse. Loweruka aliyense abwere ndi malisiti ake, ndipo tikambirane zomutumizira mphatso mtsikana uja.