Adaputa imene inkazimitsa kompyuta yanga pakati pa masewera

Pamene ndinkalumikiza kompyuta yanga yamasewera m'kabokosi kakang'ono, mtima wanga wonse unali pa purosesa ndi graphics card (khadi lotulutsa zithunzi pa sikirini), ndipo za magetsi ndinaziganizira kumapeto. Bolodi yaikulu ya kompyuta, ya mtundu wa Mini-ITX, yomwe ndi masentimita 17 mbali zonse, inakwana bwino, koma malo a power supply, chipangizo chogawa magetsi m'kompyuta, panalibe, choncho ndinaika kabolodi ka DC kolandira mphamvu kuchokera ku adaputa yokhala kunja, yonga ya laputopu.

Ndinawerengera motere: purosesa ya Ryzen 5 7600 imalembedwa kuti ndi ya mawati 65, khadi la RTX 4060 ndi la mawati 115, ndiye adaputa ya mawati 200 ikwanira. Komatu purosesa imeneyi ikapanikizika imaloledwa kukoka mpaka mawati 88, ndipo mafani, SSD ndi bolodi nazonso zimadya gawo lawo, pamene khadi limatha kukoka mphamvu yoposa yolembedwayo m'kamphindi kochepa kwambiri. Masewera akafika potentha, makina ankangozima, chifukwa adaputa inkadziteteza podula magetsi.

Chimene chinandidetsa nkhawa kwambiri chinali pulagi, yomwe ndinkaipeza itatentha ndikaigwira. Mawati 200 pa mavoti 12 amafuna maampu pafupifupi 17, ndipo onsewo amadutsa pa kachitsulo kakang'ono kamodzi, pamene pa mavoti 19.5 mphamvu yomweyo imafuna maampu 10 okha ndi pang'ono. N'chifukwa chake ambiri amasankha maadaputa akuluakulu a laputopu. Koma pamenepa pamafunika kusamala, chifukwa mabolodi ena a DC, monga picoPSU wamba, amalandira mavoti 12 okha ndipo amawapereka kwa zipangizo momwe abwerera, moti kulumikiza mavoti 19 kukhoza kupsereza zonse. Kukwana kwa pulagi pabowo si umboni wakuti mavoti akugwirizana.

Kwa ine, amene akufuna khadi lamphamvu kuposa RTX 4060 ndi bwino avomere bokosi lokulirapo lolandira power supply yaing'ono ya mtundu wa SFX, pamene wofuna kabokosi kochepetsetsa angakhutire ndi RTX 3050 ya 6GB, imene imadalira mawati 75 a pa PCIe slot, pamene khadi limalowa pa bolodi, popanda chingwe china. Ine ndinagula adaputa ya mawati 330 pamodzi ndi kabolodi kolandira mavoti 19.5, ndipo makinawo sanazimenso pakati pa masewera.