Mmene ndimapezera malo mu RAM nyimbo ikayamba kuthetheka

Pulojekiti ya nyimbo pa kompyuta ikakhala yotsegula maola ambiri, mawu amayamba kuthetheka ndi kudukizadukiza. Ndisanakhudze chilichonse, ndimadina Ctrl+Shift+Esc kuti nditsegule Task Manager, pulogalamu ya Windows yoonetsa mmene kompyuta ikugwirira ntchito, ndione chimene chadzaza. Ikakhala CPU, ubongo wa kompyuta, kukweza buffer (kagawo ka mawu kamene kompyuta imakonza nthawi imodzi) kufika 512 kapena 1024 kumathandiza. Koma ikakhala RAM, malo amene kompyuta imasungamo zimene ikugwiritsa ntchito panthawiyo, buffer sithandiza n'komwe, chifukwa Windows imakhala itayamba kale kutaya zina pa disiki, ndipo disiki ndi yochedwa kwambiri.

Anthu ambiri amadana ndi kuchuluka kwa matiraki (mizere ya mawu mu pulojekiti), koma vuto silikhala pamenepo kawirikawiri. Mphindi imodzi ya sitiriyo pa 44.1 kHz ndi 16-bit imangodya pafupifupi 10 MB. Chimene chimameza malo ndi zida za masampulo (timawu tojambulidwa kale), monga piyano kapena zoimbira za zingwe za mu pulogalamu ya Kontakt, zomwe zimabwera ndi noti iliyonse yojambulidwa kangapo, mofewa ndi mwamphamvu. Ine mwina ndikuimba manoti ochepa chabe, koma chidacho chakonzekera kiyibodi yonse.

Ndiye ndimayambira pomwepo. Mu Kontakt ndimasankha Purge, masampulo onse atuluke, kenako ndimaseweretsa nyimbo kuyambira koyamba mpaka kumapeto kuti ibwezere okhawo amene akumveka. Nambala ya memory pa chidacho imatsika ndikuona.

Gawo limene ndakhutira nalo ndimalisandutsa odiyo. Ndimayamba ndasunga pulojekiti ndi dzina latsopano kuti MIDI (manoti olembedwa mu pulojekiti) isatayike, kenako ndimachotsa pulagi yonse, kapulogalamu kamene kamatulutsa mawu a chidacho. Kungoitsekera mawu sikubweza malo, imakhalabe mu RAM. Mu pulogalamu yopangira nyimbo ya Cubase muli njira yoti chida chituluke mu memory mukachita freeze (kuchisandutsa odiyo kwakanthawi), ndipo ndimaonetsetsa kuti ndaisankha. Mu FL Studio, pulogalamu inanso yopangira nyimbo, ndimapita ku Tools, Macros, n'kuchotsa ma audio clip osagwiritsidwa ntchito, ndi kukhuthula Edison, chida chake chojambulira mawu, chifukwa zonse zojambulidwa mmenemo zimakhala mu RAM.

Chrome, pulogalamu yolowera pa intaneti, ndimaitsekeratu chifukwa nayonso imadya RAM. Pulagi yakale ya 32-bit ndimaisamala kwambiri, poti singadutse 4 GB ngakhale kompyuta ili ndi 32 GB.

Ndikapita kokapumitsa makutu, ndimasunga, kutseka pulogalamu yonse ndi kuitsegulanso. Mbiri ya undo ndi zotsalira za mapulagi amene ndinayesa n'kuwasiya zimachoka, ndipo ndimayang'ananso Task Manager ndisanayambe kujambula woimba.