Nairobi fly yathu ya kuno ku Mulanje: chithunzi chokha sichingatchule dzina

Mvula ikangoyamba tizilombo tija tofiira ndi takuda timadzadza pa babu usiku, makamaka m'nyumba zoyandikana ndi minda ya tiyi komanso madimba a m'mbali mwa mtsinje wa Ruo. Timangoti Nairobi fly, ndipo ndi kachikumbu ka m'banja la Staphylinidae, banja lalikulu zedi, mitundu yake yodziwika ikupitirira 60,000. Ndiye anzanga akumanditumizira zithunzi pa WhatsApp, "achimwene tationerani, iyi ndi Paederus sabaeus kapena eximius?" Yankho langa silisintha, jambulaninso koma pambali pake muikepo rula.

Kudziwa banja sikovuta. Mapiko olimba apamwamba aja ndi afupi, mimba yonse ili pamtetete, ndipo mukakaputa kamatukula kumbuyo ngati chinkhanira ngakhale kalibe mbola. Kakakhala ndi zopanira ziwiri kumchira ndiye kuti ndi kachilombo kena, si ka banjali.

Kufika pa Paederus, gulu lomwe muli mitundu ija ya sabaeus ndi eximius, foni imakwanitsanso. Mutu wakuda, pachifuwa pofiirira powala, timapiko takuda tonyezimira mwa buluu tokhala ndi timaenje tating'onoting'ono, mimba yofiirira koma kunsonga kwakuda, kutalika kwake mamilimita 7 mpaka 10 kapena chapompo. Gululi analitcha dzina ndi katswiri wa tizilombo Fabricius mu 1775, ndipo muli mitundu yoposa 600, yambiri yovala mofanana chonchi. Apa mpamene ndimatsutsana ndi anthu, chifukwa wina amangoona kuti kakufanana ndi chithunzi cha pa intaneti basi walemba kale sabaeus, pomwe chithunzicho mwina chinajambulidwa ku Kenya.

Nkhani ya muyeso ndiyo imandisangalatsa. Musayeze kuchokera kumutu mpaka kumchira n'kumati mwamaliza ayi, mimba yake imatamuka n'kubwerera, kakauma imafupika, moti kachilombo kamodzimodzi kangakupatseni manambala awiri osiyana. Akatswiri amayeza kuyambira kumutu kulekeza pothera timapiko, kenako m'lifupi mwa mutu, m'litali ndi m'lifupi mwa chifuwa, n'kufananiza chifuwacho ndi timapiko. Timapiko tikafupika kuposa chifuwa nthawi zambiri kamakhala kosauluka, ndipo osauluka otere amakonda kupezeka m'mapiri, ndiye mukakatola ku Chambe kapena Lichenya pamwamba pa phiri la Mulanje musathamangire kuti n'kamodzi ndi ka pa babu kumunsi ku Chitakale. Phiri lomwe lili ndi mkungudza wakewake lingalephere bwanji kukhala ndi tizilombo taketake?

Pojambula, kalowetseni m'kabotolo ndi pepala, osati ndi zala, kaikeni mu filiji kwa mphindi zochepa kuti kafooke chifukwa kamathamanga koopsa, foni ikhale pamwamba penipeni osapendeka, rula ikhale pafupi pa mulingo umodzi ndi kachilomboko, panja masana osayatsa fulashi poti imabisa timaenje tija. Jambulaninso kunsi kudzera m'galasi la botolo, kamphongo kamakhala ndi mng'alu wakuya pa chigawo chakumapeto kwa mimba.

Kamphongoko nkofunika kwambiri chifukwa dzina lenileni la mtundu limatsimikizika ndi chiwalo chake choberekera, chomwe amachitulutsa n'kuchiona pa maikulosikopu. Foni singafike pamenepo olo ikhale yodula bwanji. N'chifukwa chake pa iNaturalist, tsamba la pa intaneti loikapo zithunzi za zamoyo, ine ndimangolemba Paederus n'kusiya, koma ndimaikapo malo, tsiku, ndi kuti kanali pa babu kapena m'udzu wonyowa, ndipo kamodzi ndimakasunga mu sipiriti kuti wodziwa akadzapezeka adzakhale ndi poyambira.

Chonde abale, kakakutera pakhosi musakaswe. Sikaluma, vuto ndi madzi a m'thupi mwake omwe muli poizoni wotchedwa pederin, amene amapangidwa ndi mabakiteriya okhala mwa kakakazi. Matuza amatuluka pakapita tsiku limodzi kapena awiri, munthu n'kumadabwa kuti wapsa ndi chiyani. Kauzireni kagwe, ndipo ngati kaswekera pakhungu sambani msanga ndi sopo, manja osafika nawo m'maso, zikakula pitani kuchipatala. Usiku zimitsani babu la kuchipinda mugone mu neti. Kudimba kasiyeni, kamadya nsabwe za m'masamba ndi tizilombo tina toononga mbewu.